Mawu a Faines, Mayina a Ena

Lilongwe
6 Malichi 2023

Akulu anga a Faines,

Ndikhulupirira muli bwino kumapiriko pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kachimfine chabe. Foni yanu ndaiyesa mpaka chala chatopa, imangoti simukupezeka, ndiye ndati ndichite zachikale, ndilembe kalata ndipatsire a dalaivala a ambulansi amene abwera ndi wodwala kuno.

Nkhani ndi yomwe ija munaikana mwezi watha. Ndikuibweretsanso, poti kwathu munthu akakana koyamba sitinyamula mpando n'kumapita. Kafukufuku amene ndikugwirako ntchitoyu ndi wofuna kudziwa mmene anamwino ndi azamba a zipatala za kumidzi akukhalira ndi ntchito yawo. Eni ake ndi a sukulu ina yaukachenjede ya ku Ulaya, koma mafunso ndinakonza ndine, ndipo amene wakhala akugwedezeka pa kabaza wa njinga yamoto kuchokera ku Mvera mpaka ku Chisepo, chojambulira mawu chili m'chikwama, ndine ndemwe. Msana wanga ungachitire umboni. Azamba anzanu andiuza zambiri, ena mpaka kulira. Koma palibe amene wandiuza zonga zimene zinakuonekerani inu mu Disembala.

Ndikudziwa kuti simufuna kuzikumbuka. Ndikudziwanso kuti anthu kumeneko akuti munamulekerera mayi wodzachira uja mpaka kumwalira, ndipo inu mwangokhala chete ngati n'zoona. Zimandipweteka, akulu. Munali nokha pachipatala chonse. Zimenezi ziyenera kulembedwa pamalo pamene akuluakulu ogawa antchito amawerenga, mwina n'kukutumizirani mzamba wachiwiri, anthu n'kudziwanso kuti vuto silinali mtima wanu.

Dzina lanu silidzatchulidwa, ngakhale la chipatala. Ndipo wodzalemba nkhani ya azamba ndine. A Pulofesa amene akutitsogolera ananena okha kuti palibe wina akuidziwa kuposa ine. Mawu anu sadzadutsa m'manja mwa mlendo.

Ndibwera Loweruka la pambuyo pa Isitala. Mukakananso ndidzangokudyerani chimanga chachiwisi n'kubwerera. Mundiuze ngati msewu wa kumtsinje ukudutsika.

Ndine mng'ono wanu,
Rakele

Kumapiri, Ntchisi
23 Epulo 2023

Rakele,

Tili bwino. Ana ali bwino. Ndamva kuti unafika bwino.

Utachoka ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ndimayesa ndikayankhula ndipepukidwa mumtima monga umanenera. Sindinapepukidwe, sindinalemedwenso. Koma chojambulira chako chili patebulo ndinkalumphalumpha, ndiye ndikufuna ndikubwerezere mmene zinayendera kuti polemba usasokoneze chiyambi ndi mathero.

Linali Lamlungu masana, mvula itagwa kuyambira m'mawa. Mzamba mnzanga anali atasamutsidwa kalekale, m'malo mwake simunabwere munthu. Amayi awiri matenda anawayamba pamodzi. Anjelina, mkazi wa Bonifasi wokonza njinga uja, anachira bwinobwino mwana wamwamuna. Ndinamupukuta, ndinamuona, zonse zinali m'malo mwake. Winayo anali mtsikana wa mimba yoyamba, mwana anatsogoza matako n'kukakamira. Manja anga onse awiri anali pa iye pamene apongozi a Anjelina anakuwa kuti magazi. Ndinawauza kuti asisite pamimba mwamphamvu, ndikubwera. Sindikanatha kuchotsa manja, mutu wa mwana unali usanatuluke. Ambulansi ndinali nditaiitana kale, koma inaima tsidya lina, mtsinje utadzaza. Nditafika pa bedi la Anjelina ndinachita zonse zimene ndinaphunzira. Anapita ndikumuika dilipi yachiwiri.

Kenako ndinasamba m'manja, ndinatuluka panja, ndinakhala pachitsa n'kudya mango amene wina anasiya pawindo. Ndinali ndisanadye kuyambira dzulo lake, koma sindikunena kuti ndinadya chifukwa cha njala. Ndinangodya. Sindinamve kanthu. Mpaka lero sindimva kanthu, ngakhale mwana abadwe wolira bwino chotani. Apongozi aja anandiona ndikudya, ndipo n'zokhazo zimene mudzi wonse ukudziwa za tsiku limenelo.

Ndikafika pamjigo nkhani imaduka. Bonifasi akandiona amawoloka msewu. Sindimuda. Amayi ena ayamba kuchilira kunyumba, kuno amabwera zitavuta kale.

Ndinayankhula chifukwa ndiwe. Ukalembe zonse, mango omwe, koma ukayambire pa mvula.

Ukapeza wobwera kuno unditumizire nsapato zapulasitiki zija, zanga zang'ambika kuchidendene.

Mkulu wako,
Faines

Dzoole, Dowa
9 Julayi 2023

Wokondedwa mbumba yanga Rakele,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Ine tsibweni wako ndili moyo, bondo lokha ndi limene likundikumbutsa kuti ndidabadwa kale. Apabanja onse akupereka moni. Fodya tidagulitsa, koma za mitengo yake tisakambe, tingadwale.

Kalata yako ndidalandira, ndipo ndidaiwerenga kawiri. Kachiwiriko ndidawerenga mokweza pansi pa mtengo wa kutchalitchi, kuti ena aja ankati kuphunzitsa mwana wamkazi n'kufesa pathanthwe amve ndi makutu awo. Ukupita ku Ulaya! Ine ndidaloza Ulaya pa mapu kwa ana a anthu mpaka choko kundiyeretsa tsitsi, osamuonako ndi maso, lero mwana wa mlongo wanga akukamupondadi ndi phazi. Mayi ako akadakhala moyo bwenzi nthungululu zikumveka mpaka ku Mponela.

Wafunsa kuti ukakhale bwanji pamaso pa akuluakuluwo tsiku logawana ntchito yolemba, poti wati amene watsogolera kulemba ndiye dzina lake limakhala poyamba, ndiponso ndiye amasankha zolowa ndi zotsala. Wachita bwino kufunsa. Ana a masiku ano amafunsa foni.

Tsono tamvera. Iwe pagululo ndiwe wamng'ono, ndiponso ndiwe mlendo. Akakakupatsa mpando, usakaulumphire ngati nkhuku yaona ngumbi. Ukayambe wakana. Ukati alipo akuluakulu, ine ndikadali kuphunzira. Akakakamiza, ukakanenso pang'ono, maso ali pansi. Kachitatu ndiye ukalandire ndi manja awiri. Pamenepo mpandowo umakhala wako ndithu, chifukwa akupatsa ndi anthu, sudadzitengere, ndipo mawa zikavuta palibe angakuloze chala kuti udaukhumbira wekha. Ine pondisankha ukulu wa mpingo ndidakana mpaka a Kalebe a mumpingo mwathu adachita kundigwira pamkono kundiimiritsa, ndipo taona mpaka lero ndikadali pomwepo. Amene adadziimikira dzanja yekha chaka chomwecho anthu adamuseka mpaka adasamukira mpingo wina. Ngakhale chakudya cha eni ake, munthu woleredwa sathamangira kusamba m'manja pa kuitana koyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Azungu ndi anthu ophunzira, ulemu amaudziwa. Akakaona kudzichepetsa kwako akadziwa okha kuti udachokera pakhomo pa anthu.

Mkulu wako Faines sadabwere kuukwati wa kwa a Isake. Akuti palibe womusiyira chipatala. Ntchito yanji yopanda Loweruka?

Pobwera undigulireko magalasi owerengera a kumeneko. Amene ndili nawowa zilembo zayamba kuvina.

Ndine tsibweni wako,
Elifala

Ku Ulaya
20 Sepitembala 2023

Akulu anga a Faines,

Moni wochokera kutali. Kalatayi ndaijambula pa foni, mukakwera pachulu paja pamagwira netiweki muipeza. Ndili bwino. Eni dziko akuti kukadali kofunda, koma ine ndavala majuzi awiri ngati Juni wa ku Ntchisi. Nsapato zanu ndinapatsira a dalaivala ndisananyamuke, mundiuze ngati zinafika.

Msonkhano unayamba Lolemba. Tinakhala mozungulira tebulo lalitali, aliyense ndi kapu yake ya khofi, kuitanana mayina ngati ana a sukulu, a Pulofesa omwe. Ine pakamwa panga pakukanika, ndimangoti a Pulofesa basi. Anaonetsa pakhoma mawu a azamba amene ndinamasulira m'Chingerezi, anu omwe, onse kuyambira pa mvula.  Mayi wina anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Ndinanyada, akulu, ngakhale si nkhani yonyaditsa.

Ndiye inafika nthawi yogawana ntchito. A Pulofesa anatembenukira kwa ine pamaso pa onse n'kunena kuti, "Rakele, nkhani ya azamba waisonkhanitsa ndiwe. Kodi ukufuna kutsogolera kulemba?"

 Ndinachita monga anandilangizira atsibweni, ngakhale kunena zoona ndi mmene pakamwa panga pakanayankhira ngakhale akanapanda kundilangiza. Ndinati alipo ondiposa, ine ndikadali kuphunzira. Ndinayang'ana pansi, kudikira.

Iwo anati, "Chabwino, ndamva." Anatembenukira kwa mtsikana wina wa konkuno amene akuchita digiri yake yapamwamba, yemwe uja anabwera kwathu kamodzi n'kugona sabata yonse ndi m'mimba, osafika ngakhale pachipatala chimodzi cha kumudzi. Asanamalize n'kumufunsa komwe, iye anali atavomera kale, akumwetulira, wopanda manyazi ngakhale pang'ono. Analemba dzina lake pabolodi. Kenako anati tiyeni tikadye.

Musadandaule. Ndikuganiza kuti ndi njira yawo, sanafune kundikakamiza pagulu. Msonkhano ukadalipo mpaka Lachisanu, ndipo zolembedwa pabolodi zimafufutika. Dzulo a Pulofesa anandiimitsa pakhonde, mumtima ndinati basi nthawi yakwana, manja awiri ndakonza kale. Koma amafunsa ngati chipinda chimene ndikugona chikufunda mokwanira. Mwina mawa.

Mtsikanayo si woipa. Wandibwereka jekete.

Ndine mng'ono wanu,
Rakele

Kumapiri, Ntchisi
22 Okutobala 2023

Rakele,

Tili bwino. Kalata yako ndaiona mochedwa, pachulu sindinakwerepo mwezi wonse. Nsapato zinafika, zikukwana, zikomo.

Za bolodi sindinamvetse bwino. Anakufunsanso?

Kuno kwatentha. Ana a mvula ya Januwale akubadwa tsopano, kuchidikiro kwadzaza, ena akugona pakhonde. Yunifolomu ndimavula pochapa pokha. Mlongo wake wa Bonifasi matenda atamuyamba anadutsa pano pangolo, kupita kuchipatala cha kutali kuopa ine. Ndinali pakhomo, ndinawaona akudutsa. Anachilira panjira. Mwana ali moyo.

Mango ayamba kupsa. Ndimadyera m'nyumba.

Ungondiyankha chimodzi chomwecho. Anakufunsanso?

Faines

Lilongwe
3 Disembala 2023

Atsibweni,

Moni. Ndikhulupirira bondo likukupatsani mpata, ndipo mvula yayamba bwino kumeneko. Magalasi anu ndapatsira mwana wa a Isake, akufikitsani.

Mwakhala mukufunsa kudzera mwa aliyense wobwera kuno kuti buku lili pati. Atsibweni, sanandifunsenso. Lachisanu linafika, anajambula bolodi pa foni n'kutumizira aliyense kuti zimene tagwirizana ndi izi. Jekete ndinabweza, ndinakwera ndege.

Nditafika kuno ndinadikirabe. Kenako ndinalimba mtima n'kuwalembera a Pulofesa kuti ntchito ija ndinkaifuna. Anandiimbira foni okha, odabwa kwenikweni. Anati, "Koma unakana. Ndinakufunsa pamaso pa onse." Ndinawauza kuti kwathu kukana koyamba si kukana. Anapepesa, ndipo ndikukhulupirira kuti anapepesa ndi mtima wonse. Anati kwawoko akhala akudzudzulidwa kuti amasenzetsa anthu akuno ntchito imene sanaifune, ndiye iwo anadzilonjeza kuti munthu akati ayi, azimva ayi, osamuumiriza. Amayesa akundilemekeza. Anatinso mtsikana uja walemba kale theka, digiri yake yatsamira papepala limeneli, kumulanda tsopano kungakhale kumulakwira.

Ndinafunsa ngati dzina langa lingakhaleko ngakhale pakati. Anati lamulo la magazini ya akatswiri imene akutumizako ndi lakuti wolembedwa dzina akhale amene walemba nawo kapena kukonza nawo zolembazo. Ine ntchito yanga inatha mu Novembala, kompyuta ndinabweza, mawu onse amene ndinajambula ali kwawoko ndipo sindiloledwanso kuwatsegula, poti ndi zachinsinsi. Dzina la Mmalawi lilipo limodzi, la a dokotala ena a muno mu Lilongwe amene anasainira chilolezo cha kafukufuku. Ndi munthu wabwino, anatithandiza, koma njira ya ku Chisepo saidziwa. Ine ndidzakhala kumapeto, pamene amathokoza, pamodzi ndi a dalaivala athu.

Sindikukuimbani mlandu. Sindikudziwa n'komwe woti ndimuimbe. Ndimadzuka, ndimalemba makalata ofunsira ntchito, ndimagona. Paliponse amafunsa kuti tationetsani zimene munalembapo, ine n'kumangowauza za misewu imene ndinayenda.

Koma si za ntchito zimene zikundisowetsa mtendere. A Faines anandipatsa nkhani yawo chifukwa ndinawalonjeza kuti wolemba ndine. Anandifunsa mu Okutobala, sindinawayankhe, ndikusowa poyambira. Chonde musawauze, ndiwauza ndekha.

Ndine mbumba yanu,
Rakele

Lilongwe
9 Juni 2024

Akulu anga a Faines,

Moni. Ndikhulupirira ana ali bwino. Pepani kuti ndakhala chete miyezi yonseyi. Funso lanu ndinaliona tsiku lomwelo. Yankho lake ndi lakuti ayi, sanandifunsenso, ndipo walemba ndi mtsikana uja. Ndinkazengereza kukuuzani poganiza kuti mwina alemba bwino, ndidzakuuzeni zonse pamodzi.

Sabata yatha ananditumizira pepalalo kuti ndimuonere ngati mayina a maboma walemba molondola. Mawu anu alimo. Ndikukulemberani monga aliri kuti musadzawamve kwa wina:

"Mayiyo atamwalira ndinasamba m'manja, ndinatuluka panja n'kudya mango. Sindinamve kanthu."

Basi, ndi omwewo. Mvula mulibe. Mtsikana wa mwana wokakamira mulibe, ambulansi mulibe, zoti munali nokha mulibe. Awaika pansi pa mutu wonena za kuuma mtima kwa azamba, ndipo kumapeto akulangiza kuti azamba a kumidzi aphunzitsidwe chifundo ndi kulemekeza odwala.

Dzina lanu mulibe, monga ndinalonjezera. Alemba kuti ndi mzamba wa zaka zopitirira makumi anayi, wa chipatala cha m'mapiri chimene sichifikika mtsinje ukadzaza. Kwa iwo kumeneko n'kubisa. Nanga ku Ntchisi sangadziwe ndani?

Ndinamulembera kalata yaitali, ndinamufotokozera zonse mwatsatanetsatane monga munandibwerezera, ndinamupempha kuti ngati sangaike zonse achotse zonse. Anandiyankha mwaulemu kwambiri. Akuti magazini imawerengera mawu, malo ndi ochepa. Akuti za kuchepa kwa antchito zinalembedwa kale ndi ambiri, si zachilendo, chimene chagwira mtima akatswiri ounika ndi mango. Akuti avomereza kale, kusintha kwakukulu kungabweze zonse poyambira. Chimene anavomera kuchotsa ndi zaka zanu zokha. Anamaliza ndi kundithokoza chifukwa cha ntchito yanga yabwino.

Ndinakuuzani kuti mawu anu sadzadutsa m'manja mwa mlendo. Ndili ndi manyazi, akulu, ndipo ndilibe chonena. Mukafuna ndibwere, ndibwera. Mukafuna ndisabwere, ndimva.

Ndine mng'ono wanu,
Rakele

Dzoole, Dowa
6 Okutobala 2024

Mbumba yanga Rakele,

Moni m'dzina la Ambuye. Tili moyo. Nazale ya fodya tafesa, madzi padambo akuchepa, koma Mulungu sagona.

Pepala lija udanditumizira ndidalandira. Ndidavala magalasi a ku Ulaya omwe aja n'kuyamba kufunafuna dzina lako kuchokera pamwamba, ngakhale udandiuza kale pamene lili. Ndidalipeza kumapeto kwenikweni, m'tizilembo tating'ono ngati nthata za nkhuku. Ndidachita kutuluka nalo panja padzuwa. Kutchalitchi ndawauza kuti buku lachedwa kosindikiza, ndipo a Kalebe akandifunsanso ndiyamba kudwala bondo Lamlungu lililonse.

Koma anthu otani ofunsa kamodzi? Ngakhale mayi wogulitsa tomato pa Chisepo amakuitana kawiri. Adaphunzira mpaka mitu kuyera, koma pakhomo pawo padalibe wowalera. Ine ndidakulangiza za anthu oleredwa, ndipo malangizowo ndi abwino mpaka lero. Komanso iwe, mwana iwe, utaona kuti mbale ikuchoka, bwanji sudatambasule dzanja? Masiku onse aja udali komweko pakamwa padali pati? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sindikukukalipira, ndikungonena.

Tsono nkhani imene ndakulembera ndi iyi. Mwezi watha ndidakwera matola kupita kumapiri kukaona mkulu wako, poti foni sayankha, makalata sayankha. Ndidamupeza ali pantchito. Ndidakhala pabenchi pakati pa amayi apakati theka la tsiku ngati nanenso ndadzayezetsa, iwo akundiseka chobisa. Atapeza mpata adandiphikira tiyi, tidakamba za chimanga, za ana, za denga limene likudontha. Wawonda. Amayankha chilichonse bwinobwino, koma maso ake ali ngati munthu amene akumvera wailesi ya kunyumba ina.

Nditatchula dzina lako adati, "Ali bwino?" Ndidati uli bwino. Adati, "Chabwino." Ndidayamba kumufotokozera kuti vuto si iwe, ndi anthu osadziwa mwambo, ndidali nditakonza mawu ambiri panjira. Adandimvera mpaka ndidamaliza, kenako adati, "Atsibweni, tiyi wanu akuzizira." Wina adaitana kuchipinda chochilira, adapita, ndipo sadatulukenso mpaka matola omaliza adafika.

Sadakwiye, Rakele. Ine ndikadakonda akadakwiya, tikadaitana abale n'kukhala pansi, wina apepese, wina akhululuke, tidye pamodzi. Nanga munthu wosakwiya umamupepesa bwanji? Ndidabwerera mtima uli wolemera, ndipo pakhomo pano ndidangowauza kuti ali bwino.

Ngati ntchito sinapezekebe, bwera udzatithandize kubzala. M'tauni munthu wopanda ntchito amangokalamba.

Ndine tsibweni wako,
Elifala

Kumapiri, Ntchisi
12 Febuluwale 2025

Rakele,

Tili bwino. Ana ali bwino. Kalata yako ya Juni ndinalandira, ndinawerenga. Sindinayankhe chifukwa munalibe funso.

Mwezi watha anatiitana kumsonkhano ife azamba a zipatala zing'onozing'ono. Linabwera bungwe lina kudzatiuza zimene kafukufuku wapeza. Anationetsa pakhoma. Mayina a olemba anali pamwamba, ndinawawerenga onse pang'onopang'ono. Limene ndinatha kulitchula ndi la a dokotala ena a ku Lilongwe lokha. Kenako anaika mawu anga m'zilembo zazikulu, atawabwezera m'Chichewa. Sanali ndendende mmene ndinanenera, koma mango analipo.

Mayi wotsogolera anafunsa kuti, "Anzanga, mzamba wotere tingamuthandize bwanji?" Palibe anatembenuka. Onse anayang'ana kutsogolo mwamphamvu, ndi mmene ndinadziwira kuti adziwa. Wokhala pafupi nane anasuntha chikwama chake. Wina anati munthu wotere anasankha ntchito molakwika. Wina anati tizimupempherera. Mayi uja analoza ine kuti nanga inu kumbuyoko mukuti bwanji, ndinati anzanga anena kale. Tinalandira zakumwa ndi mabanzi. Ndinadya.

Sindikukwiyira. Ndaufunafuna mkwiyo mumtima muno, sindinaupeze, monga zina zonse. Ndiwe mwana wa pakhomo pathu, unayankha monga tinaleredwera. Ukafuna kubwera bwera, mphasa ilipo. Chojambulira chokha usabwere nacho.

Potuluka ndinafunsa za mzamba wachiwiri. Akuti pepalalo silinanene zimenezo. Chimene lanena ndi maphunziro, ndipo thandizo la maphunzirowo lapezeka kale. Asankha azamba oyamba kupita, ine ndilipo. Tikakhala kuhotela sabata yathunthu, kuphunzira chifundo ndi kulankhula bwino ndi odwala. Akuti tikalandira satifiketi. Sindinakane, kalata yake sinali yofunsa.

Ndinyamuka Lamlungu likudzali. Womusiyira palibe, ndiye chipinda chochilira ndikhoma ndi loko, kiyi ndisiya kwa a mlonda. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Kuchidikiro kuli amayi amene masiku awo akwana, ndinawaitana dzulo n'kuwauza kuti ndikupita kusukulu. Mmodzi, mimba yatsika kale, anafunsa kuti nanga matenda akayamba atani. Ndinamuuza kuti ayesetse kudikira mpaka Loweruka.

Mkulu wako,
Faines